Kodi Mumadziwa? Ndege ndi Akasinja Akale a ku Everett

Pa mtunda wa makilomita pafupifupi 40 kumpoto kwa mzinda wa Seattle, m'dziko la America, pali bwalo la ndege la Paine Field, kufupi ndi tauni ya Everett. M'mashedi atatu akuluakulu a pabwaloli ndi momwe muli Flying Heritage & Combat Armor Museum, malo osungirako ndege, akasinja ndi mizinga ya nkhondo zakale. Malowa si a boma ndiponso si a asilikali. Anayamba ndi munthu mmodzi, ndi ndalama za m'thumba mwake. Chitsulo chilichonse cha mmenemo chili ndi anthu ake: amene anachipanga, amene anachiyendetsa, amene anafa nacho, ndi amene anadzachidzutsa patapita zaka zambiri. Nazi zina mwa nkhani zawo.

Mwini wake ndi malo ake

Kodi mumadziwa kuti amene anayambitsa malowa ndi Paul Allen, yemwe anatsegula kampani ya Microsoft pamodzi ndi Bill Gates mu 1975? Bambo ake anali msilikali pa Nkhondo Yachiwiri ya Dziko Lonse, ndipo Allen anakula akukonda ndege. Anayamba kugula ndege zakale mu 1998.

Kodi mumadziwa kuti anthu anayamba kuloledwa kudzaona ndegezi mu 2004, pa bwalo lina la ku Arlington? Mu 2008 zinasamukira ku Paine Field. Akasinja atachuluka, mu 2017 dzina la malowa linasinthidwa kuti nawonso azitchulidwa.

Kodi mumadziwa kuti pa bwalo lomweli ndi pomwe pali fakitale yaikulu ya Boeing? Ndege zonse 1,574 za mtundu wa 747 zinapangidwira pamenepa, ndipo yomaliza inaperekedwa kwa eni ake mu Januwale 2023.

Kodi mumadziwa kuti pansi pa ndege zambiri za m'mashedimu amaikapo mathileyi owakhira oyilo? Injini yakufa sidontha. Madontho akuda amene mumawaona m'thileyimo akutanthauza kuti injiniyo ili ndi oyilo ndipo itha kulira nthawi iliyonse. Allen ankafuna kuti ndege zake zizitha kuuluka, ndipo m'nthawi yake, nyengo yotentha ikafika, anthu ankabwera kudzaziona zili m'mwamba popanda kulipira.

Zotoledwa m'nkhalango ndi mumchenga

Kodi mumadziwa kuti ndege imodzi ya pamalowa inagona m'nkhalango zaka 46 isanapezeke? Ndi Focke-Wulf Fw 190 A-5 ya dziko la Germany. Pa 19 Julayi 1943 injini yake inazima ili m'mwamba kum'mawa kwa mzinda wa Leningrad, womwe lero ndi Saint Petersburg. Woyendetsa wake, Paul Rätz, anaitsitsa chokwawa ndi mimba pamalo a madambo. Anatuluka wamoyo, anavula chipewa chake chachikopa n'kuchisiya pampando, n'kuyamba ulendo wapansi. Asilikali a Soviet Union anamugwira, ndipo anabwerera kwawo mu 1949. Ndegeyo inapezeka mu 1989, mitengo itamera n'kuizungulira, chipewa chija chikadali pampando pomwepo. Helikopita ndiyo inadzaizula mmenemo mu 1991.

Nanga mumadziwa chimene chinazimitsa injiniyo? Amakaniko ataiphwasula anapeza kansanza katatseka njira ya oyilo. Ambiri amakhulupirira kuti anakalowetsa dala ndi mmodzi mwa anthu amene ankagwiritsidwa ntchito yakalavulagaga m'mafakitale a chipani cha Nazi. Munthuyo akanagwidwa akanaphedwa. Dzina lake silinalembedwe paliponse, koma kansanza kake kanagwetsa ndege yankhondo popanda kuombera chipolopolo.

Kodi mumadziwa kuti Fw 190 yomweyi inaulukanso mu Disembala 2010, ku Arizona, ndi injini yeniyeni ya mtundu wake, BMW 801? Zambiri mwa ndege zina zofanana nayo zimene zimauluka masiku ano ndi zongopanganso, zokhala ndi injini zina.

Kodi mumadziwa kuti ina inatoledwa mumchenga wa m'mphepete mwa nyanja? Messerschmitt Bf 109 E-3 ya Germany inagwa pa 29 Julayi 1940 pa gombe la France, kufupi ndi Calais, ikuchokera kokamenyana ndi ndege za Britain ku Dover. Woyendetsa wake, Eduard Hemmerling, anafa. Mu 1988 munthu wina woyenda pagombepo anaona kachitsulo katatulukira mumchenga. Kanali kansonga ka phiko. Ndegeyo inafukulidwa, inakonzedwa, ndipo inaulukanso patatha zaka 20.

Kodi mumadziwa kuti Ilyushin Il-2 ya pamalowa ndi ndege imodzi yolumikizidwa kuchokera ku zigoba za ndege zinayi zomwe zinagwa ku Russia? Injini yake yoyambirira yolira bwino sinapezeke, choncho anaiika injini ya Allison ya ku America. Inauluka mu 2011.

Kodi mumadziwa kuti palibe ndege yankhondo imene inapangidwa yambiri kuposa Il-2? Zinapangidwa zoposa 36,000. Injini ndi woyendetsa ankakhala m'kati mwa chigoba chachitsulo chochindikala, koma msilikali wa mfuti wokhala kumbuyo analibe chitetezo chotere, ndipo ambiri a iwo anafa. Mu 1941 mtsogoleri wa Soviet Union, Stalin, analembera akuluakulu a mafakitale kuti asilikali akuzifuna ndegezi ngati mpweya ndi buledi.

Matabwa, nsalu ndi manja a akazi

Kodi mumadziwa kuti imodzi mwa ndege zothamanga kwambiri pa Nkhondo Yachiwiri ya Dziko Lonse inali yamatabwa? De Havilland Mosquito ya ku Britain inkapangidwa ndi matabwa opyapyala omatidwa ndi guluu, pakati pake pali mtengo wopepuka wa balsa wochokera ku Ecuador. Zitsulo zinali zosowa, koma akalipentala analipo ambiri, choncho opanga mipando ndi makabati ndi amene ankapala zigawo zake. Zinapangidwa 7,781.

Kodi mumadziwa kuti Mosquito ya Allen inadulidwapo phiko ndi sowo? Inakhala zaka zambiri italenjekedwa m'nyumba ya Imperial War Museum ku London, ndipo anaidula phiko limodzi kuti ikwane pamalopo. Amisiri a ku New Zealand anaimanganso, ndipo inauluka mu 2016.

Kodi mumadziwa kuti Hawker Hurricane ya pamalowa inapangidwa ku Canada? Fakitale ya ku Fort William, m'chigawo cha Ontario, inatulutsa ndege zotere zoposa 1,400, ndipo injiniya wamkulu wa fakitaleyo anali mzimayi, Elsie MacGill. Iye anadwalapo poliyo ndipo ankayenda ndi ndodo. Theka lakumbuyo la thupi la Hurricane ndi lokutidwa ndi nsalu, moti zipolopolo zambiri zinkangoboola n'kudutsa, amakaniko n'kumata chigamba.

Kodi mumadziwa kuti kandege ka nsalu ndi matabwa, Polikarpov Po-2, kanasowetsa tulo asilikali a Germany? Gulu la nambala 588 la Soviet Union, lomwe linkayendetsa ndegezi ndipo linakhazikitsidwa kudzera mwa woyendetsa ndege Marina Raskova, linali la akazi. Ambiri anali atsikana a zaka za m'ma 20. Ankauluka usiku, m'mphepo yozizira kwambiri, m'ndege zopanda denga. Akayandikira pomwe akukaponya mabomba ankaitontholetsa injini n'kumatsika mwakachetechete, moti apansi ankangomva mphepo ikulira m'mawaya. Anauluka maulendo oposa 23,000.

Nanga mumadziwa kuti kuchedwa kwa Po-2 ndi komwe kunkaipulumutsa? Liwiro lake lonse linali lochepa kwambiri moti ndege zothamanga za Germany zikati zichepetse liwiro kuti ziilondole, zinkayamba kugwa zokha.

Kodi mumadziwa kuti ndege yakale kwambiri mwa zonse za Allen ndi Curtiss JN-4D ya mu 1918, yomwe anthu amaitcha Jenny? Inali yophunzirira asilikali. Nkhondo Yoyamba ya Dziko Lonse itatha, ndege za mtunduwu zinagulitsidwa motchipa. Woyendetsa ndege wotchuka Charles Lindbergh anagula yake mu 1923 pa mtengo wa madola 500. Bessie Coleman, mzimayi woyamba wachikuda wa ku America kupeza laisensi yoyendetsera ndege, mu 1921, ankaulukanso pa ndege za mtunduwu.

Kodi mumadziwa kuti Fieseler Storch itha kuuluka pa liwiro la makilomita 50 okha pa ola? Imatera pa kamalo kakang'ono zedi. Ndege ya mtunduwu ndi imene inanyamula mtsogoleri wa Italy, Benito Mussolini, pamwamba pa phiri la Gran Sasso, komwe anatsekeredwa, pa 12 Seputembala 1943.

Anthu ndi ndege zawo

Kodi mumadziwa kuti woyendetsa ndege wina anadzakumananso ndi ndege yake patapita zaka pafupifupi 60? Harrison Tordoff ankayendetsa P-51D Mustang ku Ulaya mu 1945, ndipo ndi ndege imeneyi anagwetsa jeti ya Germany ya Me 262. Iye ankakonda mbalame kuyambira ali mnyamata, ndipo ndege yakeyo anaipatsa dzina la mbalame, Upupa epops. Nkhondo itatha anakhala pulofesa wa za mbalame pa yunivesite ya Minnesota, n'kuthera zaka zambiri akubwezeretsa akabawi amene anali atatsala pang'ono kutha m'dera lakwawo. Mu 2003 anakaiona ndege yake ija itakonzedwa. Anamwalira mu 2008.

Kodi mumadziwa kuti Spitfire ya pamalowa ankaiyendetsa munthu wothawa kwawo? Tomáš Vybíral anali wa ku Czechoslovakia, dziko lomwe Germany inalanda. Anakalowa gulu la nambala 312 la asilikali a m'mlengalenga a Britain, lomwe linali la anthu akwawo.

Kodi mumadziwa kuti Mitsubishi Zero ya Japan inkauluka mtunda wautali chifukwa choipepukitsa mopitirira? Amene anailinganiza, Jiro Horikoshi, anachotsa kulemera kulikonse kumene akanatha. Mpando unalibe chitsulo chotchinga zipolopolo, ndipo matanki a mafuta akabooka sankadzitseka okha. Inali yosavuta kukhota, komanso yosachedwa kuyaka.

Kodi mumadziwa kuti Nakajima Ki-43 ya pamalowa inapezeka m'nkhalango kufupi ndi Rabaul, ku Papua New Guinea, nkhondo itangotha? Ili bwino moti itha kuuluka, koma saiulutsa. Zatsala zochepa kwambiri, ndipo ikagwa palibe ina yolowa m'malo mwake.

Kodi mumadziwa kuti agogo athu ena anazidziwa ndege ziwirizi, Ki-43 ndi Hurricane, ali kunkhondo? Mu 1944 asilikali a King's African Rifles (KAR) ochokera ku Nyasaland, pamodzi ndi anzawo a Northern Rhodesia Regiment, anali m'gulu la 11th East African Division lomwe linathamangitsa asilikali a Japan m'chigwa cha Kabaw ku Burma. Inali nyengo ya mvula yamphamvu, m'dera la matope ndi malungo. Ki-43 ndiyo inali ndege yaikulu yankhondo ya Japan kumeneko, ndipo ma Hurricane ndi amene ankaponya mabomba patsogolo pa asilikali apansi. Amene amaima pa chipilala cha KAR ku Zomba akudziwa mayina ndi mbiri ya gululi; ku Everett kuli mitundu ya ndege yomwe inkadutsa pamitu pa asilikaliwo.

Akasinja

Kodi mumadziwa kuti kasinja wa M4A1 Sherman amayendera injini ya ndege? Ndi injini yozungulira ya masilinda 9, Continental R975, yoyendera petulo. Ndi chifukwa chake kasinjayu ndi wamtali chotere: injiniyo ndi yaikulu m'mimba mwake. Amalemera matani pafupifupi 30, chimodzimodzi matumba 600 a chimanga a makilogalamu 50. Akasinja a mtundu wa Sherman anapangidwa oposa 49,000 pakati pa 1942 ndi 1945.

Kodi mumadziwa kuti m'kati mwa Sherman munkakhala anthu 5? Munali mtsogoleri, woombera mzinga, wolowetsa zipolopolo, dalaivala ndi womuthandiza. Zitseko zikatsekedwa, dalaivala ankaona kunja kudzera pa kagalasi kakang'ono. Analibe chiwongolero, ankakoka zitsulo ziwiri, chakumanja ndi chakumanzere, zomwe zinkachedwetsa tcheni cha mbali imene akufuna kukhotera.

Kodi mumadziwa kuti T-34 ya Soviet Union inkayendera dizilo ndipo inali ndi matcheni otambalala? Matcheni amenewa ankaithandiza kudutsa m'matope ndi m'chipale momwe akasinja ena ankatitimira. Zitsulo zake zakutsogolo n'zopendekeka kuti zipolopolo zizitsetsereka. Magiya a T-34 zoyambirira anali olimba kwambiri moti madalaivala ena ankasunga hamala pafupi yogogodera giya.

Kodi mumadziwa kuti T-34/85, mtundu womwe uli ku Everett, unafikanso kuno kum'mwera kwa Africa? Asilikali a Angola ndi a Mozambique analandira akasinja amenewa m'zaka za m'ma 1970, patatha zaka 30 chipangidwire oyamba.

Kodi mumadziwa kuti Churchill Crocodile wa ku Britain ankalavula moto? Ankakoka ngolo yachitsulo yonyamula malita pafupifupi 1,800 a mafuta oyaka, ndipo motowo unkafika mamita oposa 100. Nthawi zambiri asilikali obisala m'malinga ankangodzipereka akaona lawi loyamba.

Kodi mumadziwa kuti kasinja wina anamudula pakati dala? Ndi M48 Patton wa ku America. Alendo amayenda pakati pa zigawo ziwirizo n'kuona kuchindikala kwa chitsulo, mipando, ndi zipolopolo zosanjidwa pafupi ndi miyendo ya anthu. Mukaona kupanikizika kwa malowo mumamvetsa kuti moto ukabuka mmenemo, masekondi ochepa okha ndi amene ankalekanitsa wopulumuka ndi wakufa.

Kodi mumadziwa kuti mzinga wa Germany wa mamilimita 88 unapangidwira kuombera ndege, koma unadzatchuka ndi kuphwanya akasinja? M'chipululu cha kumpoto kwa Africa asilikali a Germany ankauloza chopingasa, ndipo unkaboola akasinja a Britain ali patali.

Zida za kumapeto kwa nkhondo

Kodi mumadziwa kuti injini za jeti yoyamba kumenya nkhondo, Messerschmitt Me 262, zinkatha zikangogwira ntchito maola 10 mpaka 25? Germany inalibe zitsulo zokwanira zopirira kutentha. Amisiri a Allen anakonzanso injini zenizeni za Jumo 004, ndipo mu 2019 ndegeyo inayenda yokha pabwalo ndi mphamvu ya injini zimenezi.

Kodi mumadziwa kuti Me 163 Komet inkanyamula mafuta a mphindi zosakwana 8? Inali ndege ya roketi, yothamanga makilomita oposa 900 pa ola. Ikanyamuka inkataya matayala ake pansi, ndipo pobwera inkatera chotsetsereka ndi chitsulo cha kumimba. Mankhwala awiri amene ankaiyendetsa ankaphulika akangokhudzana, ndipo oyendetsa ambiri anafa pa ngozi za pabwalo pawo pomwe.

Kodi mumadziwa kuti roketi ya V-2 inapha anthu ambiri poipanga kuposa poiponya? Anthu pafupifupi 9,000 anafa nayo m'mizinda ngati London ndi Antwerp. Koma akaidi osachepera 12,000 anafa ndi njala, matenda ndi nkhanza poipanga, makamaka m'mapanga a ku Mittelbau-Dora. Roketi yomweyi inali chinthu choyamba chopangidwa ndi munthu kufika kunja kwa mlengalenga wa dziko, mu Juni 1944.

Kodi mumadziwa kuti mu 2017 pamalowa anatsegula chipinda chofunsa chifukwa chake anthu amamenyana nkhondo? Mmenemo anaikamo zifaniziro za mabomba awiri a atomiki, lomwe linagwa ku Hiroshima pa 6 Ogasiti 1945 ndi la ku Nagasaki pa 9 Ogasiti. Chipindachi n'chofunika kwambiri, chifukwa ndege yopukutidwa bwino imakongola, ndipo mlendo atha kuiwala kuti nkhondo imene inapangidwira inapha anthu oposa 50 miliyoni, ambiri a iwo anthu wamba.

Mwini wake akapita

Kodi mumadziwa kuti malowa anatsala pang'ono kutha? Paul Allen anamwalira pa 15 Okutobala 2018. Mu Malichi 2020 zitseko zinatsekedwa chifukwa cha mliri wa Covid-19, ndipo zinakhala zotseka zaka zitatu. Mu 2022 bungwe la Steuart Walton, mdzukulu wa Sam Walton amene anayambitsa masitolo a Walmart, linagula katunduyo. Walton nayenso amayendetsa ndege. Malowa anatsegulidwanso mu Meyi 2023.

Kodi mumadziwa kuti si onse amene amachita mwayi wotere? Jacques Littlefield wa ku California anasonkhanitsa akasinja ndi magalimoto ankhondo oposa 200. Atamwalira mu 2009, katunduyo anagawika. Zambiri zinagulitsidwa pa okishoni mu 2014 n'kumwazikana, ndipo zotsalazo zili ku American Heritage Museum ku Massachusetts, yomwe inatsegulidwa mu 2019.

Pamenepa ndi pomwe pagona mphamvu ndi kufooka kwa malo a munthu payekha. Munthu mmodzi wokonda chinthu amatha kuchita mofulumira zimene boma lingazengereze nazo zaka zambiri, koma moyo wake uli ndi malire, ndipo olowa m'malo mwake sakakamizidwa kukonda zimene iye ankakonda. Chimene chimapulumutsa malo otere ndi anthu obwera kudzaona, amakaniko ophunzitsa achinyamata luso lawo, ndi olemba mbiri ya chinthu chilichonse eni ake akadali moyo. Ifenso tili nazo zathu: mamendulo a agogo m'masutikesi, zithunzi za asilikali a KAR, makalata ochokera ku Burma. Amene muli nazo, funsani akuluakulu a m'banja mwanu kuti mwini wake anali yani, anapita liti ndipo anali m'gulu liti, mulembe zonsezo pa pepala, ndi kulisunga pamodzi ndi chinthucho.